Ngwazi za M'mabuku a Zithunzi

Pa Khombedza, pamene padutsa msewu wochokera ku Salima kunka ku Nkhotakota, n'kovuta kupeza mwana wa sukulu amene sadziwa Superman kapena Spider-Man. Ana awadziwa anthu amenewa chifukwa cha malaya a pa kaunjika, zikwama zonyamuliramo makope, ndi mafilimu a m'tinyumba ta kanema amene anyamata ochenjera awamasulira m'Chichewa. Mphunzitsi akatsegula tsamba lotsiriza la kope la masamu, kawirikawiri apezamo chimunthu cha chifuwa chotambalala chilikuuluka, chinsalu chili petupetu kumsana. Koma ana ochuluka sanagwirepo buku lenileni m'mene ngwazi zimenezi zinabadwira.

Mabuku amenewa asimba nkhani ndi zithunzi zondondozana, zoikidwa m'timabokosi, ndipo mawu a anthu alembedwa m'timatumba totuluka pakamwa pawo. Masiku ano anyamata ndi asungwana a mu Africa muno ayamba kulemba ndi kujambula ngwazi zawozawo, ku Nigeria, ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Ethiopia, ndipo ena mwa mabuku awo awerengedwa pa foni. Popeza mafoni anafika kale m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, mabukuwo nawo sadzalephera kufika, ndipo kuli bwino kuwapeta tsopano, monga mayi apeta mpunga asanauthire mumphika. Muyeso wake ndi uwu: ngwazi siikoma chifukwa cha kukula kwa mphamvu zake, ikoma pamene ili ndi kwawo, ndiponso pamene mphamvu zakezo zili ndi malire. Muyeso umenewu ugwira wolemba ndi wojambula yemwe.

Kumene Ngwazi Zinachokera

Superman anaoneka koyamba ku America m'chaka cha 1938, m'buku lotchedwa Action Comics. Nkhani yake analemba ndi Jerry Siegel, ndipo zithunzi anajambula ndi Joe Shuster. Chotero kuyambira pachiyambi ntchito imeneyi inali ya manja awiri, la mawu ndi la zithunzi. Batman anatsatira mu 1939. M'chaka cha 1966 Stan Lee ndi Jack Kirby anapeka Black Panther, mfumu ya dziko longoganizira la Wakanda, imene ambiri anaidziwa ndi filimu ya 2018. Iyo inali ngwazi yakuda, koma Africa wake anali wooneka ndi maso a anthu okhala ku New York.

Mu 1975 ku Nigeria kunatuluka Powerman, wojambulidwa ndi Angerezi awiri, Dave Gibbons ndi Brian Bolland. M'chaka chomwecho ku South Africa kunatuluka Mighty Man, amene ndalama zake zinachokera mobisa ku boma la tsankho. Mighty Man ankamenya mbala ndi zigawenga za m'makomboni a anthu akuda, koma sanafunsepo za malamulo a chiphaso amene anasautsa anthuwo usana ndi usiku. Ana a sukulu a ku Soweto ataukira boma mu June 1976, owerenga anam'fulatira, ndipo mu 1977 anazimirira. Nkhani yake isiya funso limene liyenera kufunsidwa kwa ngwazi iliyonse, yakale kapena yatsopano: kodi nkhonya zakezo zitumikira yani?

Kalembedwe ka Nkhani

Kampani ya Comic Republic inayamba ku Lagos mu 2013, ndipo mwini wake, Jide Martin, anapeka ngwazi yotchedwa Guardian Prime. Anthu amenewa ayenera kuyamikidwa, pakuti anaika mabuku awo pa intaneti kuti aliyense awerenge osalipira, natsegulira khomo ojambula ambiri. Koma Guardian Prime mwini wake avuta kum'yamika ndi mtima wonse. Auluka, ali ndi nyonga zosaneneka, avala chovala chothina ndi chinsalu kumsana. Chasintha ndi khungu lake ndi maonekedwe a chovalacho, obiriwira ndi oyera monga mbendera ya Nigeria. Wowerenga amene adziwa Superman azindikira msanga kumene chikombole chinachokera. Nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka: nkhani yomangidwa pa ngwazi ya eni ake imasweka pamene wowerenga afunsa chimene ngwaziyo ili nacho chimene Superman alibe.

Roye Okupe, wobadwira ku Lagos, anatulutsa E.X.O. mu 2015. M'menemo mnyamata Wale Williams abwerera kwawo napeza chovala chachitsulo chimene atate ake anam'siyira. Chovalacho chikumbutsa Iron Man, ndipo si ndicho chigwira mtima. Chogwira mtima ndi mkwiyo wa mwana pa atate ake, ndi mzinda umene akulu ake adya chuma cha anthu. Mlembi yemweyo anachita bwino koposa mu 2017 ndi Malika, mfumukazi yankhondo ya ufumu wongopeka wa Azzaz, wa zaka za m'ma 1400. Malika alimbana ndi adani a kunja, komanso ayenera kugwirizanitsa nduna zokangana za m'bwalo lake lomwe. Ndipo lupanga silithandiza pa mlandu wotere. Apa mphamvu yapeza malire, ndipo nkhani yayamba kupuma.

Buku loyenera kuliyang'anitsitsa ndi Kwezi, la Loyiso Mkize wa ku South Africa, limene linayamba mu 2014. Dzinalo litanthauza nyenyezi. Kwezi ndi mnyamata wa zaka 19 wokhala mu Gold City, mzinda wofanana ndi Johannesburg. Atazindikira kuti ali ndi mphamvu zodabwitsa, sathamangira kukapulumutsa anthu. Athamangira kutchuka, kudzionetsa pa mafoni ndi kukondweretsa asungwana. Ili ndilo ganizo labwino la mlembi, chifukwa n'loona. Mnyamata aliyense wopeza mwayi mwadzidzidzi, kaya ndi ndalama za nsomba pa nyengo ya usipa wambiri, kaya ndi za ku Joni, ayamba wayesedwa ndi matama. Mdani woyamba wa Kwezi ndi mtima wake womwe, ndipo pafunika anzake a mphamvu monga iye kuti am'kumbutse kuti mphatso ili ndi mangawa. Pofooka pa nkhaniyi ndi pamene itembenukira ku maulosi akale ndi mtundu wosankhidwa wa anthu a nyenyezi. Pamenepo anthu aleka kuchita nayamba kufotokoza, ndipo mnyamata wa matama uja, amene wowerenga anali atayamba kum'dziwa, aphimbika ndi mbiri yaitali ya zakumwamba.

Mdani wina wa Kwezi atchedwa Mpisi, ndiko kunena fisi m'Chizulu. Mwana wa Chichewa akumbuka pomwepo Kachirambe, amene nthano yake inalembedwanso ndi Alice Werner mu 1933. Kachirambe anaperekedwa kwa fisi ndi mayi wake asanabadwe. Anabadwa wodziwa kale kulankhula, napulumuka misampha yonse ndi nzeru. Chopweteka m'nthanoyo si mano a fisi, koma kuti wotchera misampha anali mayi wom'bala. Momwemonso mbiri ya M'bona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, inena kuti mikondo ndi mipeni zinalephera kum'lasa, ndipo anaphedwa ndi kanthu kofooka komera kutchire, iye mwini ataulula chinsinsicho. M'bona ndi wa chipembedzo, ndipo sayenera kuvekedwa chovala chothina kuti asangalatse ana. Koma phunziro la kasimbidwe lili pamenepo. Akale anadziwa kuti wamphamvu wopanda pofooka satha kusenza nkhani. Olemba a Superman anachizindikira chimenechi patapita zaka, napeka mwala wotchedwa kryptonite wom'fooketsa, ndipo Powerman naye anapatsidwa kulumwa ndi njoka. Koma mwala ndi njoka ndi malire a kunja kwa thupi. Malire opambana ndi aja a m'nyumba: mayi, mangawa, manyazi, lonjezo.

Kajambulidwe ka Zithunzi

Pali njira yapafupi yoyesera wojambula. Wowerenga aphimbe mawu onse a pa tsamba ndi zala, ayang'ane zithunzi zokha. Ngati atha kudziwa amene wakwiya, amene alikunama, amene walowa ndi amene wathawa, wojambulayo adziwa ntchito yake. Ngati aona anthu ongoima atatukumula zifuwa, ndiye kuti mawu ndiwo asenza katundu yense, ndipo zithunzi zangokhala zokometsera.

Luso lalikulu la mabuku amenewa lili pa kampata koyera kolekanitsa kabokosi ndi kanzake. M'kabokosi koyamba mukhale msodzi ataweramira m'madzi kukoka ukonde. M'kachiwiri mukhale bwato lopanda munthu, nkhafi ilikuyandama. Wojambula sanaonetse ng'ona, koma wowerenga waiona, ndipo ng'ona ya m'maganizo mwake ndi yoopsa kuposa iliyonse imene inki ikadajambula. Mabuku atsopano ambiri saukhulupirira mpata umenewu. Afuna kuonetsa zonse, ndipo tsamba lathunthu liperekedwa kwa nkhonya imodzi. Pakuti mitundu ipakidwa ndi kompyuta, chinthu chilichonse chinyezimira: chitsulo, khungu, mtambo ndi fumbi lomwe. Diso lisowa popumira, ndipo pamene zonse ziwala palibe chimene chiwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mkize ali ndi dzanja losiyana, chifukwa iye ndi wojambulanso nkhope za anthu ndi utoto pa nsalu, ndipo anagwira ntchito pa mabuku a mpira a Supa Strikas, m'mene anazolowera kujambula thupi lothamanga. Nkhope za mu Kwezi ndi za anthu a kuno ndithu, iliyonse ndi mphuno yake, milomo yake ndi tsitsi lake. Si nkhope za Azungu zodetsedwa ndi utoto. Mmodzi wa anzake a Kwezi avala bulangete ndi chipewa cha Abasotho, kotero kuti adziwika ngakhale ali patali. Ichi ndi chinthu chimene anthu a ku Salima sasowa kuphunzitsidwa. Pa bwalo la Gule Wamkulu, Kasiyamaliro, Chadzunda ndi Maliya adziwika asanayandikire, chifukwa cha msinkhu, kaumbidwe ndi kayendedwe kawo. Za kudambwe sizilembedwa m'buku. Koma chimene aliyense aona poyera chikwanira kuphunzitsa wojambula kuti munthu wa m'nkhani azindikirike ndi mthunzi wake wokha. Mabuku ambiri atsopano alephera apa. Amuna onse ali ndi thupi limodzi la minofu yotupa, ndipo akazi ali ndi chiuno cha mavu chimene sichingasenze ndowa ya madzi kuchokera ku mjigo.

Pa nkhani ya akazi, chitsanzo chabwino chinachokera ku Zambia, ngakhale kuti si buku koma katuni ya pa kanema. Supa Team 4, imene anapeka Malenga Mulendema ndipo inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023, isimba za asungwana anayi a sukulu mu Lusaka wa m'tsogolo. Olemba ake onse anali akazi a mu Africa, ndipo maonekedwe a anthu ake anakonza ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon. Asungwanawo asiyana msinkhu, thupi ndi kakonzedwe ka tsitsi. Ndiponso apambana pogwirizana, osati mmodzi payekha. Mutu umodzi susenza denga.

Cholakwa chachikulu cha zithunzi zatsopano chili kumbuyo kwa ngwazi, pa malo. Wakanda, Gold City ndi mzinda wa Wale Williams yonse ndi mizinda ya nyumba zosanja zofika kumitambo, ndipo ojambula ena ofooka angopaka utsi ndi kuwala kuti apewe kujambula msika, mpanda kapena mtengo. Mudzi ukaoneka, uoneka ngati malo a mizimu ndi nkhalamba zonena maulosi, osati malo m'mene anthu amoyo alima, akangana ndi kukwatirana lero lino. Pali chifukwa chake: ojambulawo afuna kutsutsa aja amene aganiza kuti Africa yense ndi tchire ndi njala, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino. Koma mwana wa kumudzi akawerenga mabuku khumi napeza kuti ungwazi ukhala m'mizinda mokha, aphunzira kuti kwawo sikungachitike kanthu koyenera kujambulidwa. Limenelo ndi phunziro loipa, ndipo lilowa mwakachetechete chifukwa lidzera m'maso.

Mawu a M'timatumba

Ochuluka mwa mabuku amene atchulidwawa analembedwa m'Chingerezi, chifukwa olemba afuna msika waukulu. Koma ngati pali chilankhulo chimene chinabadwira ntchito imeneyi, ndi Chichewa. Mabuku a ku America alemba mawu a phokoso ndi zilembo zazikulu pakati pa chithunzi, ndipo mawuwo ndi owerengeka, a kumenya ndi kuphulika. Chichewa chili ndi nkhokwe ya mvekero. Munthu agwa pansi khu, mwala ulowa m'madzi chubwi, mphika usweka phwa. Ndipo mvekero wa Chichewa sulekera pa phokoso. Mudzi ukhala zii, munthu akhala duu, mdima uli bii, mwezi uli mbee, maso ali psuu, mwana wosewera pa fumbi ali mbuu. Wamanyazi ali zyoli, wodabwa ali kakasi, wamantha ali njenjenje, mbala iyenda nyang'anyang'a, ndipo mlendo wosayembekezeka angoti balamanthu. Liwu lililonse mwa amenewa ndi chithunzi kale. Kabokosi koonetsa doko lopanda mabwato, pansi pake patalembedwa zii yekha, kanena zambiri kuposa mizere isanu ya kufotokoza.

Kathumba ka mawu n'kakang'ono, ndipo sikalola chiganizo chachitali. Wolemba ayenera kumvetsera m'mene anthu alankhulira: m'mene mkamwini ayankhira apongozi ake, m'mene mwana aitanira agogo, m'mene asodzi atafulirana pokoka khoka. Ngwazi ikalankhula ndi mfumu monga ilankhula ndi mnzake wosewera naye, wowerenga wa Chichewa adziwa pomwepo kuti ngwaziyo ndi mlendo wovala nkhope ya kuno. Ulemu wa m'mawu ndi gawo la malire a mphamvu. Mnyamata wotha kunyamula galimoto, amene akhala pansi ndi kuomba m'manja polankhula ndi malume ake, ali kale ndi nkhani, ngakhale mdani asanaoneke.

Ntchito Yotsalira Ojambula a Dziko Lino

Kujambula si kwachilendo m'Malawi. M'mapiri a Chongoni, m'boma la Dedza, muli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2006. Ku Mua, malo a Kungoni, amene anayamba mu 1976, aphunzitsa amisiri osema ndi ojambula. M'manyuzipepala anthu anakonda Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, ndiponso Chatsalira wa m'magazini ya Moni. Amenewa sanali ngwazi zouluka. Anali anthu wamba okhala ndi zofooka zawo, ndipo anakondedwa chifukwa owerenga anazindikira mwa iwo anansi awo. Wojambula amene afuna kupeka ngwazi ya dziko lino ayenera kuyambira pamenepo, osati pa chinsalu cha kumsana.

Ndipo zolemba sizisowa. M'mbali mwa nyanja mphepo ya mwera imiza mabwato. Ng'ona zigwira anthu pa madoko. Madzi osefukira akokolola minda ya mpunga ndi chimanga. Chambo chachepa, ndipo ena akokola tiana ta nsomba ndi masikito amene anapatsidwa kuti adziteteze ku malungo. Ngwazi ingathe kuvuula bwato m'mafunde, ndipo chithunzi chake chingakome. Koma itani ndi mayi wamasiye amene akokola ndi masikito chifukwa ana ake agona ndi njala? Kum'menya sikungatheke, kum'lekerera ndi kupha nyanja. Pamenepo ndi pamene pali nkhani yeniyeni, chifukwa mphamvu yafika pothera pake ndipo patsala mtima ndi nzeru.

Pafupi pomwepa pali chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, kumene kuyambira zaka za m'ma 1950 usodzi utsekedwa chaka ndi chaka, kuyambira December kufikira April, kuti nsomba ziswane. Lamulo limeneli lasungidwa ndi mfumu, akulu ndi asodzi eni ake, popanda munthu wouluka. Mlembi woganiza bwino angafunse chimene ngwazi ingachite pa malo otere: kodi idzamvera lamulo la mfumu pamene ili ndi mphamvu zoliphwanya? Kodi idzagwira mbale wake wopha nsomba mobisa pa nyengo yotseka? Mafunso otere sangabwerekedwe ku New York kapena ku Lagos.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo luso la timabokosi ndi kalumo kotere. Kulikana chifukwa linachokera kunja kungakhale kupusa. Makolo ndi aphunzitsi asaope mabuku amenewa, pakuti mwana wovutika ndi kuwerenga athandizidwa ndi chithunzi kumva liwu, ndipo wotsiriza buku limodzi afuna lachiwiri. Mabuku atsopano a mu Africa atsimikiza kuti manja a kuno atha kujambula mofanana ndi a kwina kulikonse, ndipo nkhondo imeneyo yatha. Yotsala ndi yovuta koposa. Kwezi ndi Malika apambana pamene ngwazi ilimbana ndi mtima wake ndi anthu ake, ndipo afooka pamene abwerera ku kuwala ndi nkhonya zimene aliyense anaziona kale. Buku limene lidzakhalitsa m'manja mwa ana a m'mbali mwa nyanja ndi lija limene mwana adzatha kuloza kumbuyo kwa ngwazi nati, ili ndi doko lakwathu, uwu ndi mlambe wa pa msika, ndipo awa okalipira ngwaziyo ndi amayi ake.